Mukufuna kuyambitsa gulu lothandiza mabanja a ana odwala khansa ya m'magazi? Yambirani apa

Funso ili ndalimva kambirimbiri moti ndaganiza zolemba yankho lake kamodzi. Ofunsa amakhala anthu amene mwana wa m'bale wawo wangopezeka ndi matendawa, makolo amene mwana wawo anachira, nthawi zina makolo amene mwana wawo anatisiya. Mawu ake amakhala amodzimodzi: "Tilipo angapo, ndalama tilibe zambiri koma mtima ulipo. Tiyambire pati?" Ine ndakhala zaka zingapo m'gulu lotere, la anthu ongodzipereka opanda malipiro, ndipo zomwe ndalemba pano ndi zomwe ndimawauza tikakhala pansi.

Gwirani mfundo imodzi musanawerenge zina: ntchito ya gulu lanu ndi yakuti mwana amene wayamba mankhwala awamalize. Zidole, maphwando ndi malaya olembedwa dzina la gulu zibwere pambuyo.

1. Adziweni matendawa musanalonjeze kanthu

Khansa ya m'magazi, imene madokotala amaitcha lukemiya, imayambira m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwa. Maselo oyera osakhwima amachulukana mpaka kupanikiza maselo abwino. N'chifukwa chake mwana amachepa magazi, amafooka, amatentha thupi pafupipafupi, amatuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama ndipo amadandaula kuti mafupa akuwawa. Mtundu wofala mwa ana ndi umene kuwodi mudzamva akuutchula mwachidule kuti ALL, ndipo pa ana anayi odwala lukemiya, pafupifupi atatu amakhala ndi umenewu. Wina ndi AML, umene mankhwala ake amatenga miyezi yochepa koma ndi olemera kwambiri. Matendawa sapatsirana, ndipo palibe chimene kholo linalakwitsa kuti mwana adwale. Phunzirani kunena zimenezi momveka, chifukwa mudzazinena nthawi zambiri kwa mayi amene akudziimba mlandu.

Mankhwala a ALL, amene anthu kuwodi amangoti kemo, amayenda m'magawo. Gawo loyamba limatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zambiri mwana ali wogonekedwa. Likayenda bwino, dokotala amati mwana walowa mu "remishoni", kutanthauza kuti akayeza sakuonanso maselo a khansa. Kenako pamabwera miyezi ya mankhwala amphamvu, ndipo pomaliza gawo lalitali la "mentenansi": mwana ali kunyumba, akumwa mapiritsi a mercaptopurine tsiku lililonse ndi methotrexate kamodzi pa sabata, akubwera kuchipatala pa masiku oikika kudzayezetsa magazi. Zonse pamodzi ndi zaka ziwiri mpaka zitatu.

Mawu akuti remishoni amasocheretsa anthu ambiri. Mu 1948, Dr Sidney Farber wa ku Boston ku America analengeza kuti ana ena amene anawapatsa mankhwala a aminopterin anapeza bwino, magazi awo n'kubwerera mwakale. Patangopita miyezi, matenda anabwerera. Madokotala anaphunzira movutikira kuti maselo ochepa amene sakuoneka amakhala akadalipo, ndipo mankhwala a nthawi yaitali ndi amene amawatheratu. Pamene chipatala cha St. Jude chinkatsegulidwa ku Memphis ku America mu 1962, ana 4 okha pa 100 aliwonse odwala ALL ndi amene ankapulumuka. Lero m'mayiko olemera amachira pafupifupi 90 pa 100. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa ana pafupifupi 400,000 amene amadwala khansa chaka chilichonse padziko lonse, amene ali m'mayiko ambiri osauka amachira osakwana 30 pa 100. Zifukwa zake ndi kuchedwa kupeza matenda, kusowa kwa mankhwala, ndi kusiya mankhwala panjira. Ziwiri zoyambazo n'zovuta kuti gulu laling'ono lizisinthe. Chachitatucho mungachikwanitse.

2. Pitani kuwodi kukamvetsera

Safunsa anadya phula. Musanalembe malamulo a gulu, pemphani kukumana ndi namwino wamkulu wa wodi ya ana odwala khansa, dokotala wake, ndi wogwira ntchito zosamalira anthu ngati chipatalacho chili naye. Pitani awiri, opanda kamera, opanda mphatso. Funsani mafunso atatu: ana amene amasiya mankhwala pano amasiya chifukwa chiyani, alipo kale ena amene akuthandiza, ndipo ndi chiyani chimene alendo ofuna kuthandiza amachita chimene chimakusokonezani. Ngati gulu lina lilipo kale, ganizirani zolowa momwemo. Magulu a makolo ochokera m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana mu 1994 n'kupanga bungwe limene pano likutchedwa Childhood Cancer International, ndipo kudzera mwa iwo mungadziwe ngati m'dziko lanu muli gulu lotere.

Chipatala chikakulolani, khalani pansi ndi magadiyani. Gadiyani ndi kholo kapena m'bale amene amagona ndi mwana kuwodi, kumusambitsa, kumudyetsa ndi kuyang'anira dripi usiku. Mayi woyamba amene ndinacheza naye anali atakhala milungu itatu akugona pampando pafupi ndi bedi. Ndinamufunsa chimene akusowa, ndikuyembekeza kuti atchula chinthu chachikulu. Anati foni yake yatha moto masiku awiri apitawo ndipo sakudziwa ngati ana amene anawasiya kunyumba akudya.

3. Sankhani ntchito imodzi kapena ziwiri basi

Pafupifupi kulikonse, zinthu zimene zimagwetsa banja ndi zitatu: ndalama ya thiransipoti, malo ogona pafupi ndi chipatala, ndi chakudya cha gadiyani. Nyumba yoyamba ya Ronald McDonald House, yogonamo mabanja a ana odwala pafupi ndi chipatala, inatsegulidwa ku Philadelphia ku America mu 1974 chifukwa Dr Audrey Evans ankaona makolo akugona m'makonde a chipatala, ndipo wosewera mpira Fred Hill, amene mwana wake wamkazi ankadwala lukemiya, anathandiza kusonkhetsa ndalama. Inu musayambe ndi nyumba. Lendi, magetsi ndi mlonda zidzakumezani chaka chisanathe. Yambani ndi thiransipoti.

Apa pali kachinthu kamene tinaphunzira titalakwitsa. Tinkapereka ndalama yopitira kunyumba ndi yobwerera nthawi imodzi, pa tsiku lotuluka. Pofika tsiku lobwerera, ndalamayo inali itagula chakudya cha ana ena, ndipo palibe amene angamunene kholo pa zimenezo. Tsopano yopitira timapereka pamanja, yobwerera timatumiza pafoni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kutumizako kumakhalanso chikumbutso.

4. Konzani za ndalama zisanabwere ndalamazo

Lembetsani gulu motsatira malamulo a dziko lanu. Tsegulani akaunti m'dzina la gulu, yosainira anthu awiri mwa atatu amene si apabanja limodzi. Ndalama iliyonse yotuluka ikhale ndi lisiti kapena siginecha ya wolandira, ndipo mwezi uliwonse msungichuma awerenge lipoti pamaso pa onse. Musalole kuti zopereka zizidutsa mu nambala ya foni ya munthu mmodzi, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Mukumuteteza iyeyo ku manong'onong'o.

Funani anthu opereka pang'ono mwezi ndi mwezi kusiyana ndi kudalira phwando limodzi lalikulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo matendawa ndi a zaka. Musanalandire banja latsopano, werengerani maulendo ake onse mpaka kumapeto kwa mankhwala, muone ngati mungakwanitse. Kuthandiza mabanja asanu mpaka kumapeto kuli bwino kuposa kuyamba ndi makumi atatu n'kuwasiya pakati. Masiku abwino odziwitsa anthu za ntchito yanu ndi 15 February, tsiku lokumbukira khansa ya ana padziko lonse, ndi mwezi wa September, pamene anthu amavala kaliboni kagolide. Koma musasonkhetse ndalama ndi chithunzi cha mwana wodwala. Ana a nkhope yokopa anthu amapeza zambiri, anzawo n'kutsala, ndipo chithunzi chikalowa pa intaneti sichituluka, mwanayo adzachipeza atakula.

5. Ikani malamulo a ongodzipereka, ndipo musawanyengerere

Kemo imafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti chimfine chimene inu simukuchiwerengera chingagoneke mwana. Amene akutsokomola, kutsegula m'mimba, kapena kunyumba kwake kuli wodwala katsabola, chikuku kapena mashingozi, asapite kuwodi. Kusamba m'manja polowa ndi potuluka si nkhani yokambirana. Wongodzipereka asakhale yekha ndi mwana, asajambule, asakambe za matenda a mwana kwa anthu akunja, ndipo asapereke mankhwala kapena malangizo a mankhwala, kaya achizungu kaya azitsamba. Kupemphera kuli bwino ngati banja lapempha, koma amene angauze kholo kuti mankhwala ndi kusowa chikhulupiriro achoke m'gulu tsiku lomwelo. Pa ichi sindisintha maganizo.

Chinthu chimodzi chachipatala chimene aliyense m'gulu ayenera kuchidziwa ndi kutentha thupi. Mwana wa pa kemo akafika madigiri 38, ndi ngozi, ngakhale akusewera. Ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, chifukwa madokotala amafuna kumuyambitsa mankhwala opha tizilombo pasanathe ola limodzi atafika. Gulirani banja lililonse kachipangizo koyezera kutentha thupi, pemphani namwino awaphunzitse kuwerenga kwake, ndipo sungani kandalama kapadera ka maulendo a usiku. Nambala imodzi ya gulu ikhale yoyankhidwa nthawi zonse, muzisinthana kuigwira.

6. Londolozani mwana amene sanabwere

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo ndi pamene magulu ambiri safika.

Akatswiri a khansa ya ana amati mwana wasiya mankhwala ngati wadumpha milungu inayi yotsatizana popanda chifukwa chachipatala, kapena ngati sanayambe n'komwe. Koma inu musadikire milungu inayi. Pofika pamenepo banja limakhala litazolowera kusabwera, ndipo manyazi amakhala atakula. Nkhondo yake ili pa tsiku loyamba limene mwana sanabwere.

Ife tinadziwa izi mochedwa. Panali mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi amene tonse tinkamukonda. Analowa mu remishoni, tsitsi linameranso, ananenepa, ndipo tinamuchitira kaphwando potuluka. Palibe mwa ife amene analemba tsiku lake lobwerera. Patapita miyezi iwiri namwino anandifunsa ngati ndamuonako. Titamupeza, bambo ake anatilandira mwansangala n'kutionetsa mwanayo akuthamanga pabwalo: "Si uyo, wachira." Anabwerera kuwodi patapita miyezi ina, matenda atabwereranso, ndipo ulendo umenewo mankhwala sanagwire.

Kulondoloza kumathandiza, ndipo umboni ulipo. Ku Recife m'dziko la Brazil, ana 16 pa 100 aliwonse odwala ALL ankasiya mankhwala m'zaka za m'ma 1980. Atakhazikitsa wodi yapadera ya ana odwala khansa, yokhala ndi madokotala ndi anamwino ophunzitsidwa, pamodzi ndi gulu lopereka malo ogona, thiransipoti ndi chakudya kwa mabanja, osiya anatsika kufika pa mwana mmodzi pa 200, ndipo ochira anakwera kuchoka pa 32 kufika pa 63 pa 100. Ku El Salvador anayamba kuona tsiku lililonse amene sanabwere n'kulankhula ndi banja lake mwamsanga, ndipo osiya anatsika kuchoka pa 13 kufika pa 3 pa 100.

Chitani motere. Tsiku limene banja lalowa m'gulu, pemphani chilolezo chawo cholembedwa chakuti muziwaimbira ndi kuwayendera, ndiponso chakuti chipatala chizikuuzani masiku awo obwera. Lembani manambala atatu: ya gadiyani, ya munthu wina wa m'banjamo, ndi ya woyandikana naye nyumba kapena mphunzitsi, chifukwa foni imatayika, imagulitsidwa kapena imathima. Lembaninso njira yopita kwawo monga akufotokozera okha, potsikira ndi chizindikiro chapafupi. Kenako funsani funso limene ambiri amaliiwala: "Kunyumba, amene amapereka chilolezo chakuti mwana apite kuchipatala ndani?" Kawirikawiri si amene akugona kuwodi.

Sungani buku limodzi la masiku, ndipo munthu mmodzi akhale mwini wake. Madzulo a tsiku lililonse la kiliniki, iye afunse namwino amene sanabwere. M'mawa mwake foni ilire.

Kalankhulidwe ndi kamene kamapulumutsa kapena kuwononga. Musayambe ndi "Bwanji simunabwere?" Funso limenelo limamveka ngati mlandu, ndipo mudzayankhidwa bodza laulemu lakuti tibwera mawa. Ine ndimati: "Mayi, ndine uja wa kugulu. Dzulo sitinakuoneni, ndiye ndati ndimve kuti mwadzuka bwanji ndi mwana." Kenako ndimakhala chete. Chifukwa chenicheni chimatuluka pambuyo pa chete ameneyo.

Ngati ndi ndalama, n'zosavuta, tumizani ndipo gwirizanani tsiku. Ngati akuti mwana wachira, musatsutse zimene maso awo akuona. Vomerezani kuti akuoneka bwino, ndipo nenani kuti akuoneka bwino chifukwa cha mankhwalawo. Ine ndimayerekeza ndi moto umene malawi ake azima koma makala akadali ofiira pansi pa phulusa. Ukasiya kuthira madzi, mphepo ikawomba umayakanso, ndipo wachiwiriwo umavuta kuzimitsa.

Chovuta kwambiri ndi kholo limene latopa kuona mwana akuzunzika. Laona zilonda m'kamwa, kusanza, tsitsi likuthothoka, nkhope itatupa ndi ukali wobwera ndi mapiritsi a prednisolone kapena dexamethasone, ndiponso kubaya pamsana kumene makolo ambiri amakuopa kuposa china chilichonse. Kholo lotere silikunyalanyaza mwana, likumuteteza monga likudziwira. Musalipatse chiphunzitso. Mverani mpaka limalize, kenako pemphani kuti mulilumikize ndi namwino kapena dokotala amene limamukhulupirira, afotokoze kuti kubaya pamsana ndi njira yofikitsira mankhwala m'madzi ozungulira ubongo, kumene mankhwala a m'mitsempha safika bwino, ndiponso kuti pali mankhwala ochepetsa kusanza ndi ululu. Amene amathandiza koposa pamenepa ndi kholo lina limene mwana wake anamaliza mankhwala. Mawu ake asanu amaposa athu zana.

Foni ikapanda kuyankhidwa masiku awiri kapena atatu, nyamukani. Pitani awiri, osavala malaya a gulu, kuti oyandikana nawo asadziwe zimene banja silinawauze. Pemphani kulankhula ndi amene amalamula pakhomopo, kaya ndi bambo, agogo kapena amalume, ndipo alemekezeni monga eni mwana, chifukwa ndi eni akedi. Kawirikawiri munthu ameneyu sanalankhulepo ndi dokotala, amangomva za ndalama zimene zikupita ndi ntchito imene yaima. Muitanireni kuchipatala, mumulipirire ulendo, akadzifunsire yekha. Mukapeza kuti apita kwa sing'anga kapena kumapemphero, musanyoze. Pemphani chinthu chimodzi chokha, chakuti mapiritsi asaime ndipo chilichonse chimene mwana akumwa dokotala achidziwe.

Musanabwere nalo banjalo, dziwitsani kuwodi ndipo pemphani kuti alandiridwe bwino. Mabanja ambiri amene adumpha tsiku limodzi amadumphanso lachiwiri chifukwa choopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Ndipo ngati mwana wakhala masiku osamwa mapiritsi, musawauze kuti angoyambiranso okha. Ayezedwe magazi kaye, dokotala ndiye anene.

Zonsezi zikakanika, perekani nkhaniyo kwa ogwira ntchito zosamalira anthu a chipatala. Kuopseza banja ndi apolisi si ntchito yanu, ndipo mukatero mwatseka khomo limene mwina likanatseguka sabata yamawa.

7. Sungani mndandanda wa opereka magazi

Ana a lukemiya amafuna magazi pafupipafupi, makamaka mapulateleti, tizidutswa timene timathandiza magazi kuundana. Timeneti timasungika masiku asanu kapena kupitirira pang'ono, n'chifukwa chake timasowa kawirikawiri. Lembani anthu athanzi ofunitsitsa, ndipo muziwatumiza kosungira magazi kovomerezeka mosinthana chaka chonse. Musalipire munthu chifukwa chopereka magazi.

8. Kumbukirani otsala kunyumba

Abale ake a mwana wodwala amakhala miyezi osaona mayi awo, ena amasiya sukulu kuti alere ang'ono awo. Muziwafunsa ndi mayina awo. Mwana akamabwerera kusukulu, pemphani chilolezo cha makolo kuti mulankhule ndi aphunzitsi: matendawa sapatsirana, asamusekere tsitsi, ndipo m'kalasi mukabuka katsabola kapena chikuku adziwitse makolo tsiku lomwelo.

9. Mankhwala akapanda kugwira

Zidzachitika, ngakhale mutachita zonse bwino. Dokotala akanena kuti tsopano cholinga ndi kuchepetsa ululu, banja limafuna inu kuposa kale, koma apa ndi pamene ongodzipereka ambiri amayamba kuzemba chifukwa sakudziwa chonena. Simukuyenera kunena zambiri. Thandizani kuti mankhwala a ululu asathe pakhomo, ndipo ngati makolo akuopa morphine poganiza kuti ndi wofulumizitsa imfa, apezereni namwino awafotokozere. Gwirizanani pasadakhale, m'malamulo a gulu, chimene mudzachite pa maliro, makamaka ulendo wobwerera kwawo ngati mwana wamwalirira kuchipatala kutali, kuti musamakambirane za ndalama pamaso pa ofedwa.

Banja lililonse likhale ndi anthu awiri a m'gulu olidziwa, kuti wina akalefuka mnzake apitirize. Amene mwana wamwalira m'manja mwake mumupatse mpata wopuma, ndipo pa msonkhano wotsatira tchulani dzina la mwanayo musanayambe za ndalama.

Tsiku lomwelo limene mwalandira uthenga wa maliro, mwini buku la masiku afufute masiku onse otsala a mwanayo, ndipo auze amene amatumiza zikumbutso. Ife tinaiwala kamodzi, mayi wina n'kulandira uthenga womukumbutsa za kiliniki patangotha sabata ataika mwana wake. Nambala yake muisunge pa tsamba lina. Muimbireni pakatha mwezi, pamene anthu onse abalalika, ndiponso pa tsiku limene mwanayo anabadwa.